Buku lathunthu m'masiku 30: mafunso ndi mayankho

Zinayambira kuti?

M'dera lozungulira mzinda wa San Francisco, m'dziko la America, mu July 1999. Chris Baty ndi anzake, onse pamodzi anthu 21, anapangana kuti aliyense alembe buku la nkhani yopeka m'mwezi umodzi. Chaka chotsatira anasankha November, ndipo mpikisanowu unatchuka ndi dzina loti NaNoWriMo. Lamulo lake linali mawu 50,000 pofika pa 30 November, kutanthauza mawu 1,667 tsiku lililonse.

Wopambana ankalandira zingati?

Olo tambala. Kunalibe oweruza. Aliyense amene wakwanitsa mawuwo ankakhala wopambana.

Mpikisanowu ulipobe?

Bungwe limene linkauyendetsa linatseka mu 2025. Koma kuti mulembe simufunika chilolezo cha bungwe. Kope, cholembera ndi mnzanu wokufunsani madzulo kuti "lero mwafika pati?" n'zokwanira.

Kodi liwiro lotere siliwononga nkhani?

Limawononga ndithu. Munthu amene munamupha m'mutu wachitatu mudzamupeza akumwa tiyi m'mutu wachisanu. Komabe taganizirani mmene ambirife timalembera. Timakhala sabata yonse pa ndime yoyamba, kufufuta ndi kubwezeretsa, kusintha dzina la mtsikana wam'nkhaniyo kukhala Chikondi, kenako Tadala, kenako Chikondi yemweyo. Chaka chimatha tili pa tsamba lachiwiri. Masiku owerengeka amathetsa khalidwe limeneli. Dzina likakusowani mumangosiya mpata n'kupitirira. Mumalemba ngakhale tsiku limene mutu wauma, ndipo mumafika pakati pa buku, pamene nkhani zambiri zimafera. Luso lotulutsa nkhani pamalo pamenepo saphunzira ndi kuwerenga malangizo ayi.

Alipo mabuku odziwika amene anabadwira kumeneku?

Alipo. *Water for Elephants* la Sara Gruen, lomwe linatuluka mu 2006, ndi *The Night Circus* la Erin Morgenstern la mu 2011. Koma musanamizike, onsewa anakonzedwa kwa nthawi yaitali asanasindikizidwe.

Nanga wolemba m'Chichewa awerenge chimodzimodzi?

Ine ndingati ayi. Chiwerengero chija anachiyeza pa Chingerezi, pomwe ife timamanga mneni, nthawi ndi wochita m'liwu limodzi. Mawu 50,000 athu ndi ntchito yokulirapo. Dziikireni mlingo wanu, bola musausinthe pakati pa mwezi. Ndipo ngati November wakupezani muli kalikiliki ndi kubzala, sankhani mwezi wina.

Ndikatsala m'mbuyo masiku atatu?

Musayambirenso. Gawani ngongoleyo pa masiku otsalawo.

Ndikamaliza nditumize kwa osindikiza?

Ayi, chonde. Mwakolola chimanga, koma simunakonole. Lisungeni bukulo milungu ingapo, kenako muliwerenge mokweza muli ndi cholembera chofiira m'manja. Akonzi a mabuku alione pambuyo pa zimenezo.