Chikasu chosatha kwa khanda: zoyenera kuona pa thewera ndi zimene kafukufuku wa mankhwala wapeza

Makanda ambiri amachita chikasu m'masiku oyamba atabadwa. Maso ndi khungu zimasintha mtundu, kenako pakatha sabata imodzi kapena awiri zimabwerera m'malo. N'chifukwa chake agogo akaona amangoti, "Musadandaule, muzimuyamwitsa basi, zitha," ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Koma chilipo chikasu china chimene sichitha chokha. Chimabwera chifukwa cha kutsekeka kwa njira za ndulu, matenda amene madokotala amawatcha biliary atresia.

Chimachitika n'chiyani m'thupi la mwana?

Chiwindi chimapanga ndulu, ndipo nduluyo imatsikira m'matumbo kudzera m'tinjira ting'onoting'ono. Kumeneko imathandiza kugaya mafuta a mumkaka, komanso ndi yomweyo imene imapatsa chimbudzi cha khanda mtundu wachikasu kapena wobiriwira. Mwa ana ena tinjirati timatupa, kuchita zipsera n'kutsekeka m'masabata oyambirira. Ndulu ikasowa kotulukira imadzadzana m'chiwindi n'kumachiwononga pang'onopang'ono mpaka chiwindicho kulimba. Popanda opaleshoni, ana ambiri otere samafika zaka 2.

Matendawa si opatsirana, si tsempho, ndipo sabwera chifukwa cha chimene mayi anadya kapena kuchita ali woyembekezera. Ndi osowa: ku Ulaya amagwira mwana mmodzi mwa ana 15,000 mpaka 20,000, pamene kum'mawa kwa Asia amapezeka kawirikawiri kuposa apo. Kuopsa kwake n'kwakuti poyamba mwana amaoneka wathanzi. Amayamwa bwino, amalira mwamphamvu, ngakhale kusikelo amakwera. Palibe amene amaganiza zothamangira kuchipatala ndi mwana wotere.

Yang'anani thewera

Chimbudzi cha khanda loyamwa chimayenera kukhala chachikasu chowala kapena chobiriwirako. Mukaona kuti chayamba kutuwa, kuyererako kapena kuoneka ngati phulusa, dziwani kuti ndulu sikufika m'matumbo. Chionereni panja masana, osati pa tochi. Mkodzo wa khanda umakhala woyera pafupifupi ngati madzi. Ukamadetsa thewera ndi mtundu wachikasu chakuda, chimenecho ndi chizindikiro china.

Mwana akapitirira masiku 14 akadali wachikasu, kapena masiku 21 ngati anabadwa osakwana masiku, pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka wosangalala. Chimbudzi chikatuwa musadikire n'komwe masikuwo, ndiponso musadikire tsiku la katemera wa masabata 6. Tengani thewera logwiritsidwa kale ntchito kapena lijambuleni pafoni kuti adokotala adzionere okha. Pemphani kuti amuyeze magazi n'kuona mtundu wa chikasucho, chifukwa kuyeza kumeneku kumasiyanitsa chikasu chodutsa ndi chochokera ku vuto la chiwindi. Kumuwothetsa dzuwa, kumumwetsa madzi a shuga kapena azitsamba sikutsegula njira yotsekeka, kumangodya masiku.

Opaleshoni ya Kasai

Dokotala wa ku Japan, Morio Kasai, anafalitsa njira yochitira opaleshoniyi mu 1959. Amachotsa tinjira towonongekato n'kulumikiza thumbo laling'ono pa chiwindi penipeni kuti ndulu izitsikira m'thumbomo. Imayenda bwino kwambiri mwana asanakwane masiku 60, ndipo ikachitika msanga kuposa apo mwayi umakulirakulira. Kuno ku Malawi madokotala ochita opaleshoni ya ana amapezeka m'zipatala zazikulu, monga ku Mercy James Centre pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 2017. Mukapatsidwa kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, nyamukani tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Opaleshoni siichiritsa ana onse. Ngakhale m'mayiko olemera, ana ochuluka ndithu amadzafunikabe kuikidwa chiwindi china, ndipo matendawa ndi amene amatsogola pa zifukwa zoikira ana chiwindi. M'chigawo chathu ntchito imeneyi imachitika ku South Africa, ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo ndi mabanja ochepa amene angafikeko. Apa ndi pamene pamachokera funso limene akatswiri akhala akulifufuza kwa zaka zambiri: kodi alipo mankhwala oti mwana akamwa pambuyo pa opaleshoni, ndulu iziyenda bwino ndipo chiwindi chake chomwecho chikhalitse?

Zimene zayesedwa

Oyamba kuyembekezeredwa anali mankhwala ochepetsa kutupa a gulu la steroid, monga prednisolone. Maganizo ake anali omveka: ngati tinjira timatsekeka chifukwa cha kutupa, thetsani kutupako. Madokotala ambiri anayamba kuwapereka umboni usanapezeke, ndipo ena ankalumbira kuti akuona kusintha. Ku King's College Hospital ku London anawayesa pa mlingo wochepa, n'kufalitsa zotsatira mu 2007. Chikasu chinatsika msangako m'mwezi woyamba, koma chiwerengero cha ana ofunika chiwindi china sichinachepe.

Kafukufuku wamkulu anali wa ku United States wotchedwa START, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Anatenga makanda 140 ochitidwa opaleshoni ya Kasai n'kuwagawa mwamaere m'magulu awiri a ana 70. Gulu lina linalandira steroid wa mlingo waukulu, kenako n'kumauchepetsa mpaka masabata 13. Lina linalandira mankhwala ofanana maonekedwe koma opanda mphamvu iliyonse. Makolo ngakhalenso madokotala sankadziwa kuti mwana uyu ali gulu liti. Zimenezi zingaoneke ngati nkhanza, koma ndi njira yokhayo yodziwira zoona, popeza ana ena amachira chifukwa cha opaleshoni yokha, ndipo dokotala amene amakhulupirira mankhwala ake amaona kuchira paliponse.

Patatha miyezi 6, ana 41 a gulu la steroid ndi ana 34 a gulu linalo anali ndi ndulu yoyenda bwino. Poyang'ana msanga munthu angati mankhwalawo apambana, koma pa ana ochepa chonchi kusiyana kotere kungathe kubwera mwangozi chabe. Pofika zaka 2 kusiyanako kunali kutatheratu: m'magulu onse awiri, pafupifupi ana 59 mwa 100 alionse anali moyo ndi chiwindi chawo chobadwa nacho. Chodetsa nkhawa chinali chakuti ana omwa steroid anakumana msanga ndi mavuto aakulu m'mwezi woyamba pambuyo pa opaleshoni, ndipo kufufuza kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti ena anachedwa kukula. Zipatala zina zimawaperekabe, makamaka kwa ana ochitidwa opaleshoni akadali aang'ono kwambiri, ndipo mtsutso ukadalipo. Koma amene angakuuzeni kuti steroid amapulumutsa chiwindi akunena zoposa zimene umboni ukulola.

Ena ayesedwanso. Mankhwala a m'diripi otchedwa immunoglobulin anaperekedwa kwa makanda 29 ku North America, ndipo zotsatira za mu 2019 sizinaonetse phindu. Maralixibat, amene amaletsa thumbo kubwezera ndulu m'magazi, anayesedwa m'kafukufuku wa EMBARK, ndipo mu December 2023 kampani yake inalengeza kuti sanakwaniritse cholinga. Mnzake wa gulu lomwelo, odevixibat, anayamba kuyesedwa mu 2020 pa makanda oposa 200 a m'mayiko ambiri.

Chimene chinasinthadi zinthu chinali chotchipa kuposa onsewa. Mu 2004 dziko la Taiwan linayamba kupatsa mayi aliyense wobereka kakhadi kokhala ndi zithunzi za mitundu ya chimbudzi cha khanda, yabwino ndi yokayikitsa. Ana ochitidwa opaleshoni asanakwane masiku 60 anachuluka kuchoka pa theka kufika pafupifupi awiri mwa atatu alionse, ndipo ambiri anakula opanda chikasu. Japan inaika khadi lotere m'buku la mayi ndi mwana m'dziko lonse mu 2012.

Mankhwala amene mwana amapatsidwa akachitidwa opaleshoni

Kusapambana kwa mankhwala oyesedwa aja sikutanthauza kuti mankhwala onse n'ngachabe. Mwana wopanda ndulu yokwanira m'matumbo amalephera kuyamwa mavitamini A, D, E ndi K, choncho amafunika kumupatsa. Vitamini K akasowa magazi sagwirana, ndipo mwana angatuluke magazi pamchombo, m'mphuno ngakhale m'mutu. Ambiri amapatsidwanso ursodeoxycholic acid wothandiza ndulu kuyenda, ndi mankhwala opha tizilombo monga Bactrim, chifukwa tizilombo ta m'thumbo timatha kukwera mosavuta kupita kuchiwindi. Mwana wochitidwa opaleshoniyi akatentha thupi, chikasu chikabwerera kapena chimbudzi chikatuwanso, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze za opaleshoniyo. Musangoti ndi malungo. Pitirizani kumuyamwitsa, ndipo musaphonye sikelo ndi katemera.

Mukapemphedwa kuti mwana alowe m'kafukufuku

Kafukufuku aliyense woyesa mankhwala m'Malawi amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC, komanso ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Muli ndi ufulu wofotokozeredwa zonse m'Chichewa ndi kupatsidwa nthawi yokambirana ndi akunyumba musanasaine kapena kudinda chala. Funsani kuti mankhwalawo anayesedwapo kale pa ana angati, ndi mavuto ati amene anaoneka, ngati mwana wanu angagwere m'gulu la mankhwala opanda mphamvu, magazi azitengedwa kangati, ndipo mwana akadwala usiku muimbire ndani. Sungani pepala lanu la chilolezo pamodzi ndi buku la kuchipatala la mwana. Mukakana, kapena mukavomera n'kudzasintha maganizo pakati, mwana wanu ayenera kulandirabe opaleshoni ndi chithandizo chonse monga mwana wina aliyense.