Mphaka, mlonda wa nkhokwe: kusamala mapazi ake m'chilimwe

Alimi anzathu a kwa Chowe ku Mangochi, tikangokolola chimanga ndi nandolo, makoswe nawo amasamukira pakhomo. Amaboola matumba, amadya, n'kusiya zitosi ndi mkodzo m'chakudya cha banja. Mankhwala a makoswe ogula pamsika amapha nkhuku ndi agalu omwe, ndipo ndi oopsa pakhomo pamene pali ana okwawa. Mphaka ndiye angathe kulonda nkhokwe usiku uliwonse popanda chiopsezo chotere.

Kamwana ka mphaka mukatenge kwa make katakwanitsa masabata 8. Kakafika miyezi 3 kabayitseni katemera wa chiwewe, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Alangizi a ziweto akalengeza za katemera wa agalu, mphakanso apite.

Chida chake ndi mapazi

Tembenuzani phazi la mphaka mulione. Pansi pake pali tizikhatho tofewa: tinayi ta kuzala ndi chikhatho chimodzi chachikulu pakati. Timeneti ndi tomwe timamuthandiza kunyang'ama osamveka, komanso kutera bwino akadumpha kuchoka padenga. Tikauma n'kung'aluka ngati mang'a a kumapazi kwa munthu, mphaka amatsimphina, amangonyambita phazi, ndipo amaleka kusaka.

Vutoli limachuluka mu Okutobala ndi Novembala, pamene Mangochi yatentha kwambiri. Mchenga wa masana, malata ndi simenti ya pakhonde zimawotcha. Phulusa lotentha la pamafuwa, pomwe mphaka amakonda kugona, limapsereza. Feteleza wotayika, fumbi la Actellic, palafini ndi madzi a sopo wa ufa zimaumitsa khungu, ndipo choopsa n'chakuti mphaka amazinyambita. Mukathira mankhwala m'chimanga, sesani pansi musanamulowetse.

Chifukwa china cha kuuma kwa mapazi ndi chakudya. Mabanja ambiri amangomuponyera mkute wa nsima poganiza kuti njala ndiyo imupangitse kugwira makoswe. Si zoona ayi. Mphaka thupi lake limafuna nyama, ndipo wokhuta bwino ndi amene amakhala ndi mphamvu zosakira. Usipa kapena utaka pang'ono wophika, wopanda mchere ndi anyezi, umakwanira. Madzi akumwa azikhala pamthunzi tsiku lonse.

Kachizidwe kake

Mukulungeni m'chitenje kuti asakukandeni, phazi limodzi lokha lituluke. Litsukeni ndi madzi owiritsa amene azizira kufika pofunda, mutathiramo kamchere kochepa. Yang'anani pakati pa zala ngati pali minga, chisoso kapena thekenya. Pukutani ndi kansalu koyera, kenako pakani Vaseline wopanda fungo, wochepa kwambiri, wongokwanira kunsonga ya chala. Mugwireni kwa mphindi 5 kapena 10 kuti asanyambite msanga. Nthawi yabwino ndi madzulo, ndipo chitani zimenezi kwa sabata imodzi. Masana azikhala m'nyumba kapena pamthunzi.

Apa pokha tamverani bwino, chifukwa amphaka ambiri amafa m'manja mwa eni ake owakonda. Musamupatse Panado ngakhale kachidutswa, ndi poizoni kwa mphaka ndipo amapha. Musatsuke bala ndi Dettol. Musapake oyilo wakuda wa galimoto, dibi wa ng'ombe, kapena mankhwala a utitiri opangidwira agalu. Mafuta odzola onunkhira nawonso ayi.

Phazi likatupa, likamatuluka magazi kapena mafinya, kapena mphaka akaleka kudya, musadikire. Pitani naye kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu, kapena ku ofesi ya zaulimi ku Mangochi boma, mutamuika m'dengu lovundikira bwino. Ngati wayamba kuluma mosadziwika bwino kapena kuchucha dovu, musamugwire, mwina ndi chiwewe: mutsekereni n'kuitana alangizi. Munthu wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.