Kuyenda pa gombe la Durham ndi kuwerenga zimene migodi inasiya

Pa 23 Malichi 2020 boma la Britain linalamula anthu kuti akhale m'nyumba chifukwa cha mliri wa Covid-19. Munthu ankaloledwa kutuluka kamodzi patsiku kukawongola miyendo, ndipo m'bindikiro wa mu Januwale 2021 unabwera ndi langizo loti aliyense aziyenda kufupi ndi kwawo. Kwa anthu a ku Seaham, Easington Colliery, Horden ndi Blackhall, m'dera la Durham kumpoto chakum'mawa kwa England, kufupi ndi kwawo kunali gombe limene kwa zaka zambirimbiri linali dzala la migodi ya malasha. M'bindikiro unatha, koma kayendedwe kamene unakakamiza anthu kuphunzira sikoyenera kutayidwa. Gombe lotere limapindulitsa munthu amene wasankha kachigawo kamodzi, n'kumabwererako kawirikawiri akudziwa chimene akufuna kuona, ndipo zinthu zimene ambiri amazilambalala poti n'zonyansa ndi zomwe ayenera kuziyang'anitsitsa.

Ulendo uyambire m'nyumba, pa mapu akale. Nyumba yosunga mabuku ya National Library of Scotland inaika pa intaneti mapu a Ordnance Survey a zaka za m'ma 1800 ndi 1900, ndipo mungathe kuwaona mowagundaniza ndi chithunzi cha malowo lero. Sankhani gombe limene mungafikeko wapansi, muone chimene chinalipo kale pamwamba pake. Pamene lero pali udzu ndi malo oimika galimoto, mapu akale amaonetsa njanji, mabwalo a malasha ndi nyumba za makina. Lembani papepala mayina angapo ndi zaka zake: doko la Seaham linayamba kumangidwa mu 1828 ndi banja la Londonderry kuti malasha azikwera zombo, mgodi wa Blackhall unatsekedwa mu 1981, wa Horden mu 1987, wa Dawdon mu 1991, wa Easington mu 1993. Kapepala aka ndi kofunika chifukwa nyumba za migodi zinagwetsedwa mgodi uliwonse utangotsekedwa. Munthu wopita chimanjamanja amangoona dambo ndi nyanja, n'kubwerera ali wokhulupirira kuti malowo akhala choncho kuyambira kale.

Musanavale nsapato, onani nthawi ya madzi. Amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi ayenera kusamala kwambiri apa, chifukwa anazolowera gombe limene m'mawa ndi madzulo limakhala pomwepo. Nyanja ya North Sea imakwera ndi kutsika kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi pa gombe ili amakwera ndi mamita oposa 4. Magombe ambiri kuno ndi timalo totsekeka pakati pa maphedi a miyala, choncho madzi akamabwerera amayamba kutseka potulukira munthu akadali pouma pakati. Tsikani madzi akuphwa, pafupifupi maola awiri asanafike potsika penipeni, ndipo mukhale mutabwerera kumtunda pakangotha ola limodzi atayamba kukwera. Musayende mogundiza tsinde la phedi, pakuti miyala yake imagumuka, makamaka mvula ikangogwa. Uzani munthu wina kumene mwapita. Zikavuta imbani 999, mupemphe a Coastguard.

Mukafika, musathamangire kumadzi. Imani kaye pamwamba. Malo abwino ophunzirirapo ndi Nose's Point, kum'mwera kwa Seaham, pamene panali mgodi wa Dawdon. Pansi panu pali Blast Beach, gombe lomwe dzina lake linachokera ku ng'anjo zosungunulira chitsulo zimene zinali pafupi m'zaka za m'ma 1800. Yang'anani kunyanja, mukumbuke kuti anthu sankakumbira pansi pa mapazi anu pokha: njira za mgodi zinkalowa pansi pa nyanjayo makilomita angapo. Kenako yang'anani gombe lenilenilo. Pakati pa phedi ndi mafunde muona chithandala chokwera, chakuda mosakanikirana ndi kufiira, chokhala ndi mphepete yodulika ngati gombe la mtsinje logumuka dzinja litatha. Imeneyo si nthaka yachilengedwe. Ndi miyala yosafunika yotuluka pamodzi ndi malasha, imene mgodi unkakhuthulira m'nyanja usana ndi usiku, mafunde n'kuibwezera kumtunda. Ku Blackhall ankaitumiza m'zidebe zoyenda pa chingwe chachitsulo mpaka pamwamba pa madzi, ndipo zidebezo zimaoneka kumapeto kwa filimu ya Get Carter ya mu 1971, pamene gombe lonse linali bii.

Tsopano tsikani, ndipo yendani pang'onopang'ono motsata mphepete ya chithandalacho. Apa m'pofunika kuchedwapo. Mawanga achikasu pa miyala ndi zithaphwi zofiira ngati dzimbiri zili ndi chifukwa chake: miyala ya mumgodi ili ndi chitsulo chophatikana ndi sulufule, ndipo ikakumana ndi mpweya ndi madzi imatulutsa asidi ndi dzimbiri. N'chifukwa chake ana kapena galu sayenera kusewera m'zithaphwizo, ndipo mukagwira miyalayo musambe m'manja musanadye. M'mphepete modulikamo mumatuluka zidutswa za njerwa, nthambo zachitsulo, malamba a rabara onyamulira malasha, nthawi zina jombo ya munthu wa mumgodi. Mukatembenuza miyala yathyathyathya yotuwa mungapeze chidindo cha tsamba kapena khungwa la zomera za zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, zimene malashawo anachokerako. Kenako yerekezani ndi phedi lomwe lili kumbuyo kwanu. Ilo ndi la miyala ya laimu yoyezuka, yosiyana kotheratu ndi yakudayo, ndipo kusiyana kumeneku n'kokwanira kukuuzani kuti wina unabadwira pompo, wina unachita kutulutsidwa kuchokera pansi kwambiri.

Wina anganene kuti m'nyengo ya maliro ochuluka ngati ya mliri, kapena masiku alionse amene munthu watopa, chofunika ndi mchenga woyera ndi mpweya wabwino, osati kukaona zinyalala. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo anthu a m'deralo ndi amene anayamba kufuna gombe loyera. Pakati pa 1997 ndi 2002 ntchito yotchedwa Turning the Tide inawononga mapaundi pafupifupi 10 miliyoni ndi kuchotsa matani 1.3 miliyoni a zotsalira za migodi. Udzu ndi maluwa akutchire zinabwerera pamwamba pa maphedi, ndipo lero pali njira ya apansi yochoka ku Seaham mpaka ku Crimdon. Palibe munthu wanzeru amene angalakelake gombe lakuda lija. Koma amene sadziwa kuti gombelo linali lotani sangaone kuti likuchira, ndipo mpumulo waukulu umene malowa amapatsa munthu wotopa uli pa kuchirako. Gulugufe pa udzu wa pa Nose's Point ndi wokongola kwa aliyense, koma amagwira mtima mwa njira ina kwa amene akudziwa kuti mu 1990 pomwepo panali makina ndi fumbi la malasha.

Tsiku lina pitani kumpoto kwa doko la Seaham, kumene anthu amatola magalasi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1850 mpaka 1921 m'tauniyi munali fakitale yaikulu ya mabotolo ya banja la Candlish, ndipo galasi lowonongeka ankalitaya m'nyanja. Mafunde alipera kwa zaka zoposa 100, tsopano limatuluka ngati timiyala tosalala, tobiriwira, toyera, mwa apo ndi apo ta mitundu iwiri m'kachidutswa kamodzi. Muyang'ane pamene pali timiyala ting'onoting'ono tonyowa, madzi akangochokapo, mutawerama ndithu. Funso lovuta ndi lakuti mutenge kapena musiye. Ena amati galasilo ndi zinyalala basi, wolitola akuyeretsa gombe. Zinali zinyalala pa tsiku lotayidwa, inde, koma fakitale inatsekedwa kalekale ndipo palibe likuwonjezekera. Ine ndikuti tengani tiwiri kapena titatu, zikwama zodzaza ayi. Miyala ndi mchenga musiye, pakuti ndi zimene zimatchinjiriza gombe ku mafunde, ndipo m'malo ambiri ku England malamulo amaletsa kuzitenga. Ngati manja akufuna chonyamula, pali mapulasitiki ndi zingwe za asodzi zambiri.

Ulendowu sunathe ngati simunakwere kumtunda, kumene anthu amakhala. Ku Easington Colliery, pamalo pamene panali mgodi, anaimikapo chikepe chimene chinkatsitsa anthu pansi. Imani pambali pake muone kuchepa kwake. Pa 29 Meyi 1951 mpweya woyaka unaphulika mumgodiwu nthawi yosinthana magulu, ndipo anthu 83 anafa, awiri mwa iwo anali opita kukapulumutsa anzawo. Ku Seaham, kuphulika kwa mu 1880 kunapha anthu 164. Tsamba la pa intaneti la Durham Mining Museum lili ndi mayina a anthu ofera m'migodi, ambiri ndi zaka zawo, ndipo ndi bwino kuwerengako ochepa mukabwerera kunyumba, chifukwa nambala yokha siikuuzani kuti ena anali anyamata achichepere.

Apa pali chitsutso china, cholemera kuposa choyamba: kodi uku si kukaonerera mavuto a eni ake? Midzi iyi inavutika pa sitiraka ya 1984 mpaka 1985, inavutikanso migodi itatsekedwa, ndipo ntchito zolowa m'malo mwake sizinabwere zokwanira. Mlendo wojambula nyumba zotsekedwa ndi matabwa kuti akaonetse anzake akulakwa ndithu. Koma mankhwala ake si kutembenuza nkhope. Chikepe chija anachiimika kuti chionedwe, ndipo mabendera a migodi amatulukabe chaka ndi chaka pa msonkhano waukulu wa Durham Miners' Gala. Chofunika ndi khalidwe. Perekani moni, musajambule makomo a anthu, gulani tiyi m'sitolo ya pomwepo, ndipo mkulu wina akayamba kukufotokozerani za mgodi, mvetserani osamudula. M'nthawi ya mliri ulemu womwewo unkatanthauza kusaunjikana m'midzi ya anthu okalamba amene ambiri mapapo awo anawonongeka kale ndi fumbi la malasha, ndipo langizo loti aliyense aziyenda kufupi ndi kwawo linali ndi chifukwa chomveka m'dera ngati ili.

Chotsala ndi kubwererako. Sankhani malo amodzi oimapo, monga mwala waukulu kapena pothera masitepe, ndipo ulendo uliwonse mujambule chithunzi mutayang'ana mbali imodzimodzi. Lembani tsiku, nthawi ya madzi ndi kumene mphepo ikuchokera. Pitaninso pakangodutsa mkuntho wochokera kumpoto kapena kum'mawa, chifukwa ndi pamene nyanja imadula chithandala chija n'kuvundukula zinthu zatsopano. Pakatha miyezi ingapo zithunzi zanu zidzaonetsa mphepete ikubwerera m'mbuyo. Zimenezi zili ndi mbali ziwiri: gombe likuyera, koma zotsalira za mgodizo ndi zomwe zakhala zikuletsa mafunde kufika pa tsinde la maphedi, ndipo zikatha nyanja idzayambiranso kuwagumula. Choncho mukapeza njira ya pamwamba yatsekedwa kapena yasunthidwira kumtunda, tsatirani zikwangwani, ndipo mukaona mng'alu watsopano m'mphepete mwa phedi, dziwitsani khonsolo ya deralo.