Phunziro 9: Khomo Loti Aliyense Alowe

Anzanga ophunzira, lero tiyeni tizungulire m'mudzi mwathu. Koma tisayende monga tiyendera masiku onse. Taganizani kuti mukuyendera ndodo ziwiri, kapena muli pa njinga ya olumala, kapena mumayenda chokwawa.

Kwacha. Mufuna kupita kuchimbudzi. Njira yake ndi yamatope. Khomo lake ndi lopapatiza, njinga siingalowe. Mwaisiya panja, mwalowa chokwawa. Manja amene mwagwira nawo pansi m'chimbudzimo ndi omwewo mudyere nsima masana. Kodi matenda otsegula m'mimba angakulekeni?

Nchifukwa chake anzathu ena aulumali amadya pang'ono ndi kumwa madzi pang'ono mwadala. Amaopa kupita kuchimbudzi masana anthu akuona. Amapirira mpaka kude.

Tsopano pitani kumjigo. Pali simenti yokwera, ndipo mozungulira monse ndi moterera. Pitani kusukulu, kutchalitchi kapena kumzikiti. Pakhomo pali masitepe. Kwa munthu woyenda bwino, masitepe atatu si kanthu. Kwa munthu wa pa njinga, ndi khoma.

Mwaona? Vuto si mwendo wokha ayi. Vuto lina ndi khomo, njira ndi chimbudzi. Izi tinamanga ndife. Tingathenso kuzikonza ndife.

Kodi anthu otere ndi ochepa?

Iyayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'Malawi muno, mmodzi ali ndi ulumali. Ena anabadwa nawo. Ena anadwala poliyo ali ana. Ena anachita ngozi pamsewu, ena anafa ziwalo, ena ndi ukalamba. Si ufiti, ndipo si chilango kwa makolo. Akulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Boma linakhazikitsa bungwe la MACOHA potsata lamulo la 1971. Mu 2012 kunabwera lamulo loteteza ufulu wa anthu aulumali. Mu 2024 kunabweranso lamulo latsopano, ndipo bungwe lija tsopano likutchedwa MACODA. Malamulowa ndi abwino. Koma lamulo silibwera kudzakumba chimbudzi pakhomo panu. Ntchito imeneyo ndi yathu.

Zimene tingachite

1. Yambani mwafunsa mwini wake. Iye ndiye adziwa pamene pamamuvuta. Musamuganizire ngati mwana.

2. Kulitsani khomo. Khomo la nyumba ndi la chimbudzi likhale la masentimita 90 m'lifupi. Pamenepo njinga ilowa bwino.

3. M'malo mwa masitepe, konzani njira yotsetsereka. Isakhale yochititsa befu. Ngati khonde latalika masentimita 10 kuchoka pansi, njirayo italike masentimita 120. Chulukitsani ndi 12 nthawi zonse. Dothi lotsendera bwino ndi njerwa zikwanira.

4. M'chimbudzi mangani pokhalira. Sanjani njerwa mbali ziwiri za dzenje, muzimate ndi simenti kuti zizitsukika. Mukhozanso kuboola mpando wathabwa pakati ndi kuuika pamwamba pa dzenje.

5. Zikani mtengo wolimba kapena nsungwi m'mbali kuti munthu azigwirira podzuka. Chingwe cholimba chomangirira ku mtanda wa denga chimathandizanso.

6. Lambulani njira. Chotsani miyala ndi zitsa, kwirirani maenje. Madzi ndi sopo osamba m'manja zikhale m'munsi, poti munthu wokhala pansi afikire.

Zonsezi sizilira ndalama zambiri. Zilira khasu, njerwa zochepa ndi anthu ogwirizana. Zithandizanso agogo athu, amayi oyembekezera ndi odwala.

Pomaliza, tayang'anani m'kalasi mwathu muno. Ndani palibe? Mwina pali bambo kapena mayi amene amafuna kuphunzira kuwerenga monga inu, koma khomo lathu linamukaniza. Mwina timaganiza kuti safuna, pamene sitinamufunse nkomwe. Sabata ino pitani mukacheze naye. Ngati sangafike kuno, kalasi ingathe kusamukira pansi pa mtengo pafupi ndi kwawo.

Mafunso

1. Nchifukwa chiyani anthu ena aulumali amamwa madzi pang'ono masana?
2. Khomo labwino likhale la masentimita angati m'lifupi?
3. Khonde latalika masentimita 20. Njira yotsetsereka italike bwanji?

Zokambirana

Ndi malo ati m'mudzi mwanu amene munthu wa pa njinga sangafikeko? Tingawauze chiyani amfumu ndi a komiti ya mjigo?

Ntchito

Yezani khomo la chimbudzi chanu ndi khomo la kalasi lathu. Lembani manambalawo m'kope mwanu. Mubwere nawo tsiku la phunziro lotsatira.