Kawerengedwe ka ndakatulo za Chingerezi zonena za imfa

Wophunzira wa mu Lusaka, kaya wa sekondale ku Kabulonga kapena wa ku UNZA, akapatsidwa ndakatulo za Wilfred Owen, T.S. Eliot kapena Philip Larkin amafulumira kunena kuti alembi amenewa anali otaya mtima basi. Komatu kutaya mtimako kunali ndi gwero lake, ndipo ntchito ya wowerenga ndi kulifufuza.

Yambani ndi chaka chimene ndakatuloyo inalembedwa. Owen ankalemba ali msilikali, ndipo anaphedwa ku France pa 4 Novembala 1918, kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse ithe. Nkhondoyo inafika ndi kuno: asilikali a Germany anatula zida ku Mbala pa 25 Novembala chaka chomwecho, amtengatenga ambiri a dziko lino atafera m'njira. The Waste Land ya Eliot inatuluka mu 1922, misozi ya nkhondo isanaume ku Ulaya. Mukadziwa zimenezi, werengani ndakatuloyo mokweza kawiri musanatsegule dikishonale, chifukwa chisoni chimamveka m'kayendedwe ka mawu tanthauzo lisanadziwike.

Kenako dzifunseni kuti wolembayo akulira ndi ndani. Apa mpamene pagona nkhani. Maliro akagwa ku Kabwata kapena ku Chelstone, amayi amagona m'nyumba ya siwa, abambo amachezera pamoto panja, kwaya ikuimba mpaka tsiku lopita kumanda ku Leopards Hill kapena ku Chingwere. Koma mu Aubade ya 1977, Larkin akudzuka usiku kusanache, akuganiza za imfa yake ali yekhayekha, ndipo chipembedzo sichimutonthoza. Chimene chimalemetsa ndakatuloyi ndi kusowa womupepesa, ndipo wokulira m'miyambo yathu amachiona msanga.

Makolo ena ndi akumpingo angadandaule kuti zolemba zotere zifooketsa ana. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo amene waferedwa posachedwa ayenera kuziwerenga pamodzi ndi anzake kapena mphunzitsi. Koma Baibulo lomwelo lili ndi Yobu ndi Mlaliki, mabuku osabisa kuwawa kwa imfa, ndipo palibe amawachotsamo poopa kufooketsa akhristu.

Pomaliza, polemba mayeso musangoti wolemba anali wokhumudwa. Tchulani chimene chinamukhumudwitsa, nkhondo kapena kutha kwa chikhulupiriro, ndipo sonyezani mawu a m'ndakatulomo amene akuchitira umboni.