Palibe Anakuwa Kuti Watsala Munthu

Aliyense amene anayendapo pa basi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre akudziwa zimene zimachitika pa Lizulu kapena pa Ntcheu. Wina watsika kukagula mbatata ya kachewere, wina wathamangira kuseri, dalaivala waliza injini, ndipo basi ikangosuntha pang'ono mawu amamveka kuchokera kumbuyo: "Adalaivala, taimani! Watsala munthu!" Wokuwayo sadziwa n'komwe dzina la wotsalayo. Chimene akudziwa n'choti pampando apa panali bambo a chipewa chofiira, ndipo bambowo palibe. Dalaivala amanyinyirika, amaliza hutala, koma amaima.

Ndinakula ndi mfuu imeneyi mpaka ndinkaiona ngati chiwalo cha basi, chimodzimodzi matayala. Ndinayenda nayonso kawiri popita ku Joni, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo woti pofika tsiku lachiwiri mwana wa mayi a pampando wakutsogolo amakhala akugona pamiyendo pako, ndipo pachipata basi yonse imatha maola kudikira munthu mmodzi amene mapepala ake avuta. Inu amene mukukonzekera kupita kunja, kapena mwangofikako kumene, ndikufuna mumve za usiku umene ndinadalira mfuu yomweyi kudziko limene anthu sakuwa choncho.

Ndinali nditakhala mu London miyezi 5, ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Msuweni wanga wa ku Glasgow anandiitana kuti tikadyere limodzi Khirisimasi, ndipo anandilonjeza kukandionetsa Blantyre wa ku Scotland, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, kumenenso kunachokera dzina la mzinda wathu. Sitima inali yodula, choncho ndinagula tikiti ya basi ya usiku. Mtundawo ndi makilomita pafupifupi 650, ngati kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre n'kubwereranso.

Pa Victoria Coach Station panalibe woitanira, panalibe wolimbirana nawe chikwama, panalibenso mlaliki woima pakati pa mipando kupempherera ulendo. Nthawi yolembedwa pa tikiti itakwana, chitseko chinatsekeka ndipo basi inanyamuka, mipando ingapo yakumbuyo ilibe anthu. Dalaivala anatikumbutsa kuti timange malamba, poti kumeneko ndi lamulo. Kenako magetsi anazima, m'basi monse munati zii.

Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire, wa imvi mutu wonse. Ndinawapatsa moni ndi ulemu wonse, monga ndikanachitira kwa anzawo a mayi anga. Anamwetulira pang'ono, n'kuyankha ndi liwu limodzi, maso n'kubwerera m'buku lawo. Titatuluka mumzinda ndinamasula kamba wanga, mandasi amene ndinakazinga ndekha ndi mtedza wokazinga, ndipo ndisanaike kanthu m'kamwa ndinawatambasulira. Anakana mwaulemu. Patapita kanthawi ndinaimbira foni msuweni wanga kumuuza kuti tanyamuka, ndikuseka momasuka m'Chichewa. Bambo wa pampando wakutsogolo anatembenuka n'kundipempha monong'ona kuti nditsitse mawu, anthu akufuna kugona.

Zinandipweteka kwambiri. Munthu wakana moni wako, wakana chakudya chako, wina wakuletsa chilankhulo chako: mtima wanga unagamula pomwepo kuti vuto ndi khungu langa. Sindikunena kuti tsankho kulibe ku Britain. Liliko, ndipo ndinakumana nalo malo ena masiku ena. Koma usiku umenewo ndikanangokweza mutu ndikanaona kuti azunguwo sankalankhulana ngakhale okhaokha. Anthu awiri a mtundu umodzi ankatha kukhala phewa ndi phewa maola onsewo osafunsana kumene akupita. Kwathu munthu timamulemekeza pomusonyeza kuti tamuona. Kumeneko ambiri amamulemekeza pomusiya yekha, osalowerera zake. Mayi aja ankandipatsa ulemu wa kwawo, ine ndinaulandira ngati chipongwe. Ndinamanga thumba la mandasi, ndinatembenukira kuwindo, ndipo ndinatsimikiza kuti sindilankhulanso ndi munthu mpaka ku Glasgow.

Mkwiyo umenewo ndi umene unandigwetsa m'mavuto. Cha m'ma 2 koloko usiku basi inapatuka pamsewu wa M6 n'kuima pamalo opumira apaulendo. Dalaivala analengeza zinazake mofulumira, m'Chingelezi cha ku Scotland chimene makutu anga anali asanazolowere. Ndinamva kuti tipuma, koma nthawi yonyamukira sindinaimve bwino. Mayi aja anali pomwepo, maso, ndipo kufunsa kukananditengera mpweya umodzi wokha. Sindinafunse, chifukwa ndinali nditawakwiyira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndinatsika ndi foni ndi khadi ya kubanki m'thumba la thalauza, jekete ndi chikwama chokhala ndi pasipoti n'kuzisiya pampando, monga timachitira kwathu posonyeza kuti malo ali ndi mwini wake.

Malo opumirawa muwadziwe bwino. Ena mwa iwo pamisewu ikuluikulu ya ku Britain ali ndi nyumba ziwiri, ina kumbali ya opita kumpoto, ina kumbali ya opita kumwera, zolumikizidwa ndi mlatho wotchingidwa umene umadutsa pamwamba pa msewu. Ukakhala mkati, nyumba ziwirizo zimaoneka zofanana: magetsi omwewo, matailosi omwewo, zitseko zagalasi zomwezo. Ine nditachoka kuchimbudzi ndinatsatira fungo la chakudya, ndinakwera masitepe, ndinayenda m'kanjira kotalika osazindikira kuti ndikuwoloka msewu. Ndinaima pamzere, ndinagula tiyi, ndinamwa pang'ono kuti nditenthedwe. Nditatuluka pakhomo limene linali pafupi, ndinapeza malole okhaokha ndi basi ina yachilendo. Ndinazungulira pabwalo ponse ndisanamvetse kuti ndili tsidya lina.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero n'choti pothamanga kubwerera pamlatho paja ndinalibe mantha enieni. Mumtima ndinkati: sangapite, jekete langa lili pampando, mayi aja akuona kuti palibe munthu, wina akuwa. Ndinafika pamene panaima basi yathu ndipo panali mizere yoyera yokha pansi ponyowa.

Kuzizira kwa Disembala wa kumpoto kwa England sikufanana ndi kwa Juni wa ku Dedza. Kumalowa m'mano, kumaumitsa zala moti kudina foni kumavuta. Ndinali ndi juzi yokha. Ndinayang'ana kumsewu ndi maganizo akwathu, oti mwina ndiimitsa galimoto ina indipatse matola ndikaipeze basi kutsogolo. Kumeneko kulibe minibasi, kulibe kabaza, ndipo woyenda pansi saloledwa n'komwe kuponda pamisewu ya mtundu wa M6. Foni yanga inali itatsala pang'ono kuthima, chaja chili m'chikwama. Kwa munthu wokhala m'dziko la eni, pasipoti ndiyo umboni wa chilichonse: dzina lako, chilolezo chako, njira yako yobwerera kwanu. Yanga inali ikuthamangira ku Scotland popanda ine.

Amene anandithandiza anali mnyamata wokolopa pansi. Anandibwereka chaja, anandipezera nambala ya kampani ya basi, ndipo anandisonyeza mpando wa pafupi ndi chotenthetsera. Dalaivala wina wa lole amene ankamwa khofi patebulo loyandikana, atamva nkhani yanga, anandifotokozera modekha chifukwa chimene basi siidikira. Lamulo la kumeneko limati woyendetsa galimoto yaikulu akayendetsa maola 4 ndi theka apume mphindi 45, ndipo patsiku nthawi zambiri asapitirire maola 9 ali pachiwongolero. M'galimotomo muli makina otchedwa tachograph amene amalemba zonsezi, ndipo akuluakulu a zapamsewu amatha kuwaona. Tsiku lonse la dalaivala ndi lowerengedwa kale, komanso kutsogolo kuli anthu ena ataima panja pozizira ndi matikiti awo. "Akanena nthawi, ndi yomweyo basi," anatero. Sanandinyoze, sanandimverenso chisoni chopitirira. Ankangondiuza mmene zinthu zimayendera.

Maola amene ndinakhala pampando uja anandipatsa mpata woona pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikupemphani kuti inu musadzaphunzire zimenezi muli ndi juzi yokha. Dalaivala akalengeza nthawi ndipo simunamve, pitani kwa iye mukafunse kachiwiri, ngakhale kachitatu, ndipo mutchere alamu pafoni. Jambulani nambala ya basiyo ndi khomo limene mwalowera. Pasipoti, ndalama, mankhwala ndi chovala champhepo zizitsika nanu nthawi zonse. Kumeneko chikwama chosiyidwa pampando sichinenera munthu kuti adikiridwe. Madalaivala ena amawerenga anthu asananyamuke, koma musaike moyo wanu pa kuwerenga kwa munthu wotopa pakati pa usiku. Ndipo mnzanu wa pampando, ngakhale akhale chete chotani, muuzeni mawu awiri okha: ndikupita kuchimbudzi, ndibweranso. Anthu ambiri a kumeneko sayamba okha kulowerera za mlendo, koma ukawapempha kanthu momveka amakachita mokhulupirika.

Kutatsala pang'ono kucha, basi ina yopita kumpoto inaima pamalopo. Inali ndi malo, ndipo ndinalipira tikiti yatsopano, ndalama imene ndinkayembekeza kugulira ana a msuweni wanga mphatso. Tinadutsa Carlisle, tinalowa mu Scotland pa Gretna, ndipo ndinafika pa Buchanan Bus Station dzuwa lili pamutu, ngakhale kuti kumeneko m'Disembala silikwera n'komwe. Msuweni wanga anali atadikira kuyambira m'mawa, maso ali psuu.

Ku ofesi yosunga katundu wotayika anandifunsa dzina ndi mtundu wa chikwama, kenako anachitulutsa. Jekete linali litapindidwa bwinobwino pamwamba pake. Pasipoti inalimo, chaja chinalimo, thumba la mandasi linalimo lili chimangire. Mayi wa pa ofesiyo anati katunduyo anaperekedwa kwa dalaivala ndi gogo wina amene anakhala nane, ndipo gogoyo anakana kutsika mpaka ataona kuti zalembedwa m'buku. M'thumba la jekete ndinapeza kapepala kong'ambidwa m'kope, kolembedwa ndi dzanja lonjenjemera pang'ono. Mayi a imvi aja ankapepesa. Analemba kuti ataona kuti sindinabwerere pampando, anaganiza kuti ndasamukira kumbuyo kumene kunali malo, poti ndinkaoneka ngati ndikufuna kukhala ndekha, ndipo sanafune kundisokoneza. Anazindikira zoona basi itaima pasiteji yotsatira, magetsi atayaka. Pansi pake sanalembepo dzina.

Msuweni wanga anawerenga kapepalako kawiri, anakapinda, n'kukabwezera m'thumba mwanga. "Tiyeni achimwene, nsima yazizira kunyumba," anatero, atanyamula chikwamacho paphewa pake.