Thovu la mowa wa masese limachokera kuti?

Funso: Agogo anga amafulula mowa wa masese. Akathira chimera, mawa lake mumbiya mumachita thovu. Chimachitika n'chiyani? Wophunzira, Nathenje.

Yankho: Chimera chimasandutsa phala la mowalo kukhala shuga. Kenako yisiti imadya shugayo n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Thovulo ndi mpweyawo. Katswiri wa sayansi Louis Pasteur ankati ntchitoyi imafuna yisiti yamoyo basi. Mu 1897 Eduard Buchner wa ku Germany anasinja yisiti ndi mchenga n'kufinya madzi ake, koma madziwo, ngakhale munalibe yisiti yamoyo, anawiritsabe shuga. Zinadziwika kuti ogwira ntchitoyi ndi ma enzyme a m'yisiti. Ena ofanana nawo amaphwanyanso shuga m'maselo a thupi lanu mukadya nsima. Buchner analandira mphotho ya Nobel mu 1907, ndipo anamwalira mu 1917 atavulala kunkhondo. Limbikirani Chemistry, mphwanga. Ku Bunda, pafupi ndi Mitundu, amaphunzitsa sayansi ya zakudya.